Kusiya fodya kwa wodwala TB wosadziwa kuwerenga: lipoti la bambo wina wa ku Dedza

Lipoti ili ndi la bambo wa zaka 54, mlimi wa mbatata ya kachewere kumapiri a mbali ya Bembeke m'boma la Dedza. Tinayamba kuwathandiza pachipatala chathu chaching'ono mu Januwale 2024 atapezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo tinawatsatira mpaka pakati pa 2025. Ine ndine clinical officer woyang'anira odwala TB pamalopa. Eni ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe, bola dzina lawo ndi la mudzi wawo zisatchulidwe.

TB yawo inachizika monga imachizikira kwa ambiri, choncho sindichedwapo. Nkhani yagona pa fodya. Bambowa sadziwa kuwerenga, ndipo pakati pathu a zaumoyo pali chizolowezi chonena kuti anthu otere samva tikawalangiza zosiya kusuta. N'zoona kuti m'maiko ambiri kafukufuku amaonetsa kuti amene sanapite patali ndi sukulu amasuta kwambiri, ndipo ngakhale amayesa kusiya monga anzawo ophunzira, ndi ochepa amene amasiyiratu. Kuno kwathu kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi aliwonse a zaka 25 mpaka 64 amasuta, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa m'makomo amaonetsa kuti kusuta n'kofala kwambiri pakati pa amuna amene sanaphunzire. Koma ziwerengerozo sizitiuza kuti zinthu zimathera pati m'chipinda cha uphungu. Kwa bambowa tinaona malo enieni amene zinkathera, ndipo ambiri mwa malowo anali m'kalangizidwe, osati m'mutu mwa wodwala.

Mbiri yawo

Anabadwa cha m'ma 1970. Sukulu anaisiyira Sitandade 2 chifukwa makolo analibe ya fizi, ndipo pamene maphunziro aulere a kupulayimale amayamba mu 1994 iwo anali kale ndi banja ndi ana awiri. Posaina amadinda chala. Koma chala chodindacho chisatinamize. Pamsika bambowa sapusitsidwa. Amadziwa ndowa zingati zimadzaza thumba, mtengo wa feteleza wa chaka chino ndi wa chaka chatha, ndiponso phindu limene venda wa ku Lilongwe akapeze akagula mbatata yawo pamsewu. Masamu onsewo amachitira m'mutu, ndipo sachedwa nawo.

Fodya anayamba ali ndi zaka ngati 13, nthawi imene makolo awo anali matenanti pa esiteti ina ku Kasungu. Ana ankathandiza kusoka ndi kusankha fodya m'zigafa, ndipo zinyenyeswa zake zinali mbwee paliponse. Kuchokera nthawi imeneyo, zaka zoposa 40, sanayesepo kusiya ngakhale tsiku limodzi.

Amene ankasuta ndi chingambwe chodzilimira okha. Kuseri kwa khola la mbuzi anali ndi mizere ingapo, ndipo akakolola ankaumitsa masambawo n'kumapichira m'mapepala a makope akale a zidzukulu zawo. Wotsala ankagulitsa pang'onopang'ono kuti apeze ya sopo ndi mchere. Ndudu za m'golosale ankagula imodzi kapena ziwiri tsiku la msika lokha, pamodzi ndi kachasu pang'ono. Ali pa chikamwini kwa akazi awo, ndi Akatolika osajomba kumphakati, komanso ndi mmodzi wa adzukulu okumba manda m'mudzimo. Zonsezi zinadzakhala zofunika patsogolo.

Zimene tinapeza

Anatsokomola pafupifupi miyezi iwiri asanafike kwa ife, akumwa mapiritsi ogula m'golosale. Usiku ankatuluka thukuta lochita kunyowetsa mphasa, ndipo zovala zinayamba kuwakhwepa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo ndiye anawaona ndi kutumiza makhololo. Makina oyezera makhololo otchedwa GeneXpert anapeza TB yosakana rifampicin, amene ndi amodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB. HIV analibe. Pasikelo anali makilogalamu 48, ndipo BP inali bwino. Pachala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lamanja panali pachikasu choderapo, khungu litauma gwa chifukwa chogwira kachiduswa ka fodya mpaka moto utafika pachala.

Ndinawafunsa kuti akadzuka m'mawa pamapita nthawi yotani asanasute. Anati, "Ndisanasukusule, adokotala. Ndimalunjika kukhitchini kukafukula khala la moto wadzulo." Usikunso ankadzuka kamodzi kapena kawiri kukasuta panja. Munthu amene amasuta pasanathe mphindi zisanu chidzukireni, n'kumadzukanso usiku, thupi lake lazolowera nikotini kwambiri, ndipo sitiyenera kuyembekezera kuti mawu a tsiku limodzi amukwanira. Za kuchuluka kwake anati zisanu patsiku, mwina zisanu ndi chimodzi.

Tinawayambitsa mankhwala a miyezi 6: miyezi iwiri ya mankhwala anayi ophatikiza, kenaka miyezi inayi ya rifampicin ndi isoniazid. Akazi awo ndiwo anakhala gadiyani. A m'nyumba onse anapimidwa, ndipo kamdzukulu ka zaka zitatu kanapatsidwa mankhwala oteteza.

Uphungu woyamba ndi zimene unabala

Tsiku loyambitsa mankhwala analandira uphungu wa fodya umene aliyense amalandira pano, wotsata masitepe asanu a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse: funsa, langiza, ona ngati munthu ali wokonzeka, thandiza, konza zokumananso. Anauzidwa kuti kusuta kumachedwetsa kuchira ndiponso kumaonjezera chiopsezo choti TB idzabwerenso. Anaonetsedwa chithunzi chimene chili pakhoma, cha ndudu yoyera ya fyuluta ndi mapapu awiri, mawu ake a Chingerezi. Tsiku losiya linasankhidwa n'kulembedwa ndi manambala m'bukhu lawo la kuchipatala. Atafunsidwa ngati amva anati, "Ndamva, adokotala." Tsiku lomwelo anali atamvanso za mkodzo wofiira chifukwa cha mankhwalawo, za miyezi 6 yosadumphitsa, za kubweretsa a m'nyumba, za kutseka pakamwa potsokomola, ndi za magazi a HIV.

Patatha masabata awiri anabwera kudzatenga mankhwala. Nditawafunsa za fodya anayankha mosadodoma kuti anasiya. Koma jekete lawo linali kununkha utsi watsopano, ndipo mayi aja anaweramitsa nkhope. Sindinawatsutse. Ndinangowapempha kuti andifotokozere zimene achita kuyambira pamene adzuka m'mawa umenewo. Anafotokoza bwinobwino: anadzuka, anapita kukhitchini, anapichira chingambwe chawo, anasuta, kenaka anamwa mankhwala. Sanabise kanthu.

"Nanga si mwati munasiya, bambo?"

"Ndinasiya wa m'golosale uja munandionetsa pachithunzi. Ujayo ndiye ali ndi mankhwala a kufakitale. Wangayu ndimalima ndekha ndi manyowa a mbuzi, sindithirako kanthu."

Apa ndi pamene nkhani inatembenukira, ndipo ndikupempha anzanga kuti tipaone mofatsa. Bambowa sananame, ndipo sanachite makani. Anachita ndendende zimene chithunzi chinawauza, ndipo anadzimana chinthu chimene kwa iwo chinali chosangalatsa cha tsiku la msika. Ife amene tinadutsa m'kalasi tinazolowera kuti chithunzi cha ndudu imodzi chikuimira fodya yense. Chizolowezi chimenecho timachipeza m'mabuku, sitibadwa nacho. Za tsiku losiya lija sankalidziwa n'komwe. Bukhu linali mujumbo kudenga, ndipo palibe anali atalitsegula. Nayonso "ndamva" ija inali ulemu wa munthu wamkulu kwa wachipatala. Bambo wa msinkhu wawo sanganene pamaso pa mkazi wake kuti zimene mwalembazo sindingaziwerenge.

Mawu oti chiopsezo nawo sanagwire. Nditawabwereza anandiyankha kuti malume awo anasuta mpaka kukalamba kochita kuyenda ndi ndodo, ndipo sanadwalepo chifuwa. Kulankhula za mwayi ndi maperesenti kwa munthu amene ali ndi umboni wa malume ake n'kutaya nthawi. Mfundo ya ndalama, imene imagwira ntchito kwa ogula mapaketi, kwa iwo inali yopanda pake, chifukwa fodya sankawadyera ndalama koma ankawabweretsera. M'bukhu mwina mukadangolembedwa kuti wodwala sakutsatira malangizo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kusintha kalangizidwe

Tinagwirizana kuti abwerenso masana, mzere utatha, pamodzi ndi mayi ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo tsikulo tikambe za fodya basi. Ndinaona kuti kuphatikiza nkhaniyi ndi zina zisanu ndiko kunaimiza poyamba.

Ndinayamba ndi kuwafunsa zimene akudziwa. Mapapu ankawadziwa bwino kuposa ana asukulu ambiri, popeza ndiwo amasenda mbuzi pamaliro ndi pazikondwerero. Ankadziwa maonekedwe a mapapu abwino ndi a mbuzi yodwala. Ndiye ndinawapempha kachiduswa kamene kanali m'thumba la jekete. Tinakafunyulula patebulo. Pepala la kope lija, cha kumene amaika pakamwa, linali litada bii ndi phula lomata, mizere ya kope yosaonekanso. Analigwira ndi chala n'kununkhiza. Ndinawauza kuti phulalo latsala papepala ndi lochepa, lambiri lalowa mkati, ndipo TB yapeza mapapu ali kale otopa. Ndinafotokozanso kuti chimene chimabweretsa chibaba chili m'tsamba lenilenilo, sachithira kufakitale, ndipo utsi wa tsamba lililonse likamapsa uli ndi phula ndi mpweya woipa umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi.

Amene anamaliza nkhaniyi ndi mayi aja, amene mpaka pamenepo anali chete. Anati, "Abambo, mwaye uli kudenga la khitchini uja umachokera kufakitale? Si nkhuni zathu zomwezi za kuphiri?" Bambo aja anakhala kaye chete, kenaka anaseka pang'ono n'kunena kuti mayiwa awapeza. Za fodya wachilengedwe sanazitchulenso mpaka lero.

Chachiwiri chinali kuchuluka. Mapepala olembapo nthawi imene munthu wasuta sakadathandiza. Tinawapatsa bokosi la machesi lopanda kanthu, kuti nthawi iliyonse akayatsa, kaya n'chatsopano kaya n'kachiduswa koyatsanso, aponyemo njere imodzi ya chimanga, ndipo madzulo aziwerenga ndi mayi. Anachita zimenezi sabata yathunthu. Njere zinkakhala pakati pa 15 ndi 19 patsiku. Anawerenga okha, ndipo podzatiuza anali akupukusa mutu. Poyamba paja sanatinamize. Za usiku ndi zoyatsanso sankaziyesa kusuta. Mayi nawo anasunga m'mutu nthawi zake: podzuka, akatha nsima, popuma kudimba, pabawo, ndi madzulo poothera moto. Munthu wodziwa masamu a msika akaona nambala imene waipeza yekha amaikhulupirira kuposa imene wauzidwa.

Chachitatu chinali tsiku. Ndinawafunsa kuti ndi tsiku liti likubwerali limene sangaliiwale ngakhale popanda wowakumbutsa. Anasankha Lachitatu la Phulusa, limene chaka chimenecho linali pa 14 Febuluwale. Ndinali ndi nkhawa imodzi ndipo ndinainena poyera: Lenti imatha, ndipo anthu ambiri amene amadzimana kanthu amakayambiranso pa Pasaka. Iwo anati, "Tikafika Pasaka tidzakambirana, adokotala." Ndinavomera, chifukwa tsikulo linali lawo, mudzi wonse wa akhristu ukanawakumbutsa, ndipo masiku 40 odzimana ndi chinthu chimene ankachidziwa kuyambira ubwana. Tinangoika tsiku lokumana m'Sabata Yoyera.

Mankhwala othandiza kusiya fodya tinalibe. Malangizo amene WHO inatulutsa mu Julaye 2024 amatchula varenicline, bupropion, cytisine ndi mankhwala a nikotini otafuna kapena omata pakhungu, ndipo munthu wa chibaba chachikulu ngati bambowa ndiye woyenera kuwalandira. Pachipatala chathu palibe, ndipo kukagula ku Lilongwe sikunali kotheka kwa iwo. Apanso wophunzira wa pantchito amakhala ndi mwayi umene mlimi alibe. Choncho ndinawauziratu mosabisa kuti sabata yoyamba idzakhala yowawa: kupsa mtima, kusowa tulo, kudzimbidwa, njala, mwinanso kutsokomola kuonjezeka. Ndinati zidzafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo zambiri zidzazilala pakatha masabata awiri mpaka anayi.

Panatsala nkhani ya fodya wa pakhomo. Thumba la wouma wa chaka chatha linali kudenga, ndipo wam'munda anali atabiriwira. Thumba lija anavomera kuti alamu awo alitenge tsikulo lisanafike. Wam'munda anakana kuzula. Anati imeneyo ndi sopo wa mayi. Sindinakakamize, poganiza kuti kulamula munthu kuti awononge mbewu yake pamwezi wa njala kukanawononga ubale umene unali utangoyamba kumene.

Pamapeto pa kukumana kulikonse sindinkafunsanso ngati amva. Ndinkati, "Mukakafika kunyumba alamu anu akakufunsani kuti kuchipatala ati chiyani, mukawauza kuti chiyani?" Akafotokoza, ndinkamva pamene pasokonekera n'kukonza pomwepo. Mauthenga olemba pafoni tinawasiya. Mdzukulu wawo wa Sitandade 6 akanatha kuwawerengera, koma tinaona kuti si bwino kusenzetsa mwana udindo woyang'anira agogo ake. Mlangizi ankaimba foni kapena kufika pakhomo.

Masiku a Lenti

Tsiku lachitatu chisiyireni mlangizi anawapeza atakhala pakhonde, maso ali psuu, atakalipira kale aliyense pakhomo. Chifuwa chinali chitaonjezeka, ndipo anzawo a pabawo anali atawauza kuti munthu wosuta kuyambira kalekale akasiya mwadzidzidzi chifuwa chimauma, mapeto ake ndi imfa. Chinawagwira ndi choti zonsezi anali atazimva kale. Anauza mlangizi kuti adokotala ananeneratu, ndiye kuti zikuyenda m'njira yake.

Pano pali chenjezo kwa ife. Wodwala amene akusiya fodya ali pamankhwala a TB akadandaula, tisafulumire kunena kuti ndi chibaba chabe. Mlangizi anayang'ana ngati maso achita chikasu, anafunsa za kusanza, kupweteka kwa m'mimba, kutentha kwa mapazi ndi kusaona bwino, zimene ndi zizindikiro zoti mankhwala a TB akuvutitsa thupi. Panalibe chilichonse mwa zimenezi. Kachasu anali atasiya kale titawafotokozera za chiwindi.

Chibaba chimabwera n'kupita pa mphindi zochepa, koma mphindi si muyeso wa munthu wopanda wotchi. Muyeso anaupeza okha. Chikawagwira ankatulutsa kolona n'kunena Tikuoneni Maria khumi, ndipo ankati akamafika kumapeto chimakhala chitayamba kutsika. M'thumba momwe munkakhala fodya ankaikamo chimanga chokazinga, kudimba ankatenga nzimbe. M'mawa mayi ankadzuka msanga n'kuwabweretsera madzi ndi phala pakhonde kuti asalowe m'khitchini. Pabawo anapumirako kaye mwezi wathunthu.

Pakati pa Malichi makhololo a miyezi iwiri analibe tizilombo, ndipo sikelo inafika 51. M'Sabata Yoyera sindinafunike kunena zambiri. Anandiuza okha kuti tsopano akukwera kuchokera kudimba atasenza thumba osaima panjira, kuti ndiwo akuzimva kukoma, ndiponso kuti kamdzukulu kaja sikakuthawanso pamiyendo pawo. Anati apitiriza. Pasaka inadutsa osasuta.

Kubwerera ku fodya

Kumapeto kwa Meyi m'mudzi munagwa maliro. Adzukulu analawirira kumanda kusanache, m'chisanu cha kumapiri kuno chimene aliyense wa ku Dedza amachidziwa. Pokumba manda fodya amayenda m'manja, wina akakoka amapatsira mnzake, ndipo wokana amaoneka ngati akudzipatula. Anakoka kamodzi, kenaka kawiri. Pobwerera kunyumba anapeza fodya wawo uja atakololedwa kale, akuuma pakhonde. Pasanathe masiku anali atabwerera mwakale.

Choopsa kwambiri sichinali kusutako. Tsiku lotenga mankhwala litafika sanabwere. Anabwera mayi okha, n'kunena kuti abambo ali otanganidwa kumunda. Nditafunsitsa anaulula kuti abambowo akuchita manyazi, akuti aphwanya lonjezo ndipo sangaonane ndi adokotala. Ananenanso kuti masiku awiri anadumphitsa mapiritsi, poganiza kuti popeza asuta ndiye kuti mankhwalawo sagwiranso ntchito. Uphungu wa fodya unali utatsala pang'ono kuononga chithandizo cha TB chimene chinali kuyenda bwino.

Mlangizi anapita ndi uthenga umodzi: mankhwala a TB ndi awo kaya asute kaya asasute, amwe tsiku lililonse, ndipo kuchipatala palibe amene wakwiya. Atabwera ndinawapatsa moni ndi kuyamba ndi kuwayamikira pa miyezi itatu ndi theka imene anakhala osasuta, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ali mnyamata. Ndinawauza kuti ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo. Kenaka tinabwerera kumanda kuja m'maganizo, kuona pamene zinayambira.

Tinayeserera zokana, ine ndikuchita ngati mnzawo wowapatsira fodya. Atati adokotala anandiletsa, ndinayankha monga anzawo akadayankhira, kuti adokotalawo sali pano. Anaseka n'kuvomereza kuti ndi momwemo. Mawu amene anakhazikika nawo anali awo: "Chifuwa chija chinatsala pang'ono kuti mundikumbire ine. Ndipatseni khasu, fodyayo apitirire." Anaganizanso okha zokalankhula ndi mkulu wa adzukulu, kumuuza za matenda awo. Kuulula za TB kunali kufuna kwawo, ife sitinawatume. Mkuluyo anauza anzake kuti asamawapatsirenso.

Tsiku losiya kachiwiri linali limene anadzatenga mankhwala a mwezi womaliza, pakati pa Juni. Nthawi ino fodya wouma yense anachoka pakhomo, ndipo ananena okha kuti dzinja likubwerali kuseri kwa khola adzalako mpiru ndi nyemba. Zimene anakana mu Febuluwale anazisankha okha mu Juni, ataona ndi maso awo chimene fodya wa pakhonde anawachita. Wina anganene kuti tikadaumirira poyamba kubwererako kukadakhala kwa tsiku limodzi lokha. N'kutheka. Ine ndikuonabe kuti mbewu ya munthu ndi yoti aigamule yekha, koma ndi bwino kumuuziratu momveka kuti nthawi yokolola idzakhala nthawi ya mayesero, ndi kukonza zokumana naye m'masabata amenewo.

Zimene taona ndi zimene tasintha

Kusaphunzira kwa bambowa sikunawalepheretse kumvetsa kuti fodya akuwapweteka, ndipo sikunachepetse khama lawo. Kunawatsekera njira zimene uthenga wathu umadutsamo: chithunzi, deti ya manambala, bukhu, foni yolemba, maperesenti. Kunabweranso ndi zinzake zimene zimayenda limodzi ndi kusaphunzira kuno kwathu: kuyamba kusuta ali mwana pa esiteti, chibaba chachikulu, anzawo pafupifupi onse osuta, fodya waulere pakhomo, ndi kusowa ndalama ya mankhwala. Tikamalemba maphunziro a wodwala pafomu tizikumbukira kuti kuseri kwa Sitandade 2 kuli zonsezi.

Dziko lathu linalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi kusuta fodya mu 2023. Njira zazikulu za panganolo, monga misonkho ndi machenjezo a papaketi, zimafika kwa wogula ndudu. Chingambwe chilibe paketi, chilibe msonkho. Kwa wosuta wa kumudzi wosawerenga, chenjezo limene lingamufike ndi la pakamwa pathu, pa mlangizi, pa wailesi ndi pa atsogoleri ake. Tiyeneranso kuvomereza kuti TB payokha imaopseza munthu mokwanira kuti aganize zosiya, ndipo bambowa anali ndi mkazi wanzeru amene anagwira theka la ntchito. Si onse ali ndi mwayi umenewo.

Pachipatala pano sitifunsanso kuti mumadziwa kuwerenga, funso limene limachititsa manyazi. Timati, "Bukhuli kunyumba amakuwerengerani ndani?" Pofunsa za fodya timatchula mitundu yonse: ndudu, chingambwe, wamphuno, woika mkamwa. Pafupi ndi chithunzi chija tinamata pepala lofunyulula la chingambwe, phula lake likuoneka. Nkhani ya fodya timaikamba padera, osati tsiku loyambitsa mankhwala, ndipo aliyense timamuuziratu kuti akadzasutanso asadzaleke kubwera kapena kumwa mankhwala. Kupempha wodwala kuti abwereze zimene wamva timachita kwa onse, ngakhale a Fomu 4, pakuti enawo amati ndikudziwa kale koma ukawafunsa zimene adzachite chibaba chikawagwira usiku alibe yankho. Zonsezi zimadya nthawi, mwina theka la ola pa wodwala mmodzi, ndipo pamasiku a mzere wautali mbali yaikulu imagwera alangizi a zaumoyo.

Mmene zinathera

Anamaliza mankhwala a TB pakati pa Julaye 2024, makhololo a mwezi wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi ali opanda tizilombo, ndipo analembedwa kuti achira. Sikelo inali 55. Mu Juni 2025, chaka chitatha chisiyireni kachiwiri, iwo eni, akazi awo ndi mlangizi onse ananena kuti sanasutenso, ngakhale kuti maliro angapo anachitika m'mudzimo. Chipangizo choyezera mpweya wa osuta tilibe, choncho tikudalira umboni wa anthu atatuwa ndi zala zimene chikasu chija chinachokapo. Amati chibaba chimabwerabe nthawi zina, makamaka m'mawa kukazizira, ndipo kachasu anayambiranso kumwa mwa apo ndi apo tsiku la msika, chinthu chimene tikuchiyang'anitsitsa chifukwa mowa ndi umene umagwetsa ambiri.

Kupuma sikunabwerere mwakale kwenikweni. Pachitunda chachikulu amabanikabe, ndipo m'mawa amatsokomola pang'ono. Makhololo obwereza analibe TB. X-ray ya kuchipatala cha boma inaonetsa zipsera kumtunda kwa phapu lakumanja, ndipo tikuganizira za kuonongeka kwa mapapu kochokera ku TB pamodzi ndi zaka 40 za utsi. Tinawalangiza kuti asamakhalitse m'khitchini ya utsi wa nkhuni, ndipo adzaonedwanso pakatha miyezi 6, kapena msanga ngati chifuwa chasintha, aonda, kapena thukuta la usiku labwereranso.